Mkazi Woseka M'filimu za Amuna Anga

Kusekako ndinakumva koyamba mu babashopu ya ku Biwi, ndikumetetsa mwana wanga Tiwale. Ometa anali ataika filimu ya apolisi amapasa pa tivi yopachika kukhoma, ndipo mawu otuluka m'sipika anali a amuna anga, a Greyson. Izi sizinandidabwitse. Ntchito yawo ndi yomasulira mafilimu: amatenga filimu ya Atchaina, ya Amwenye kapena ya azungu, n'kutsitsa mawu a eni ake, n'kuikapo awo m'Chichewa. Kuyambira ku Mgona mpaka ku Chinsapo palibe vidiyo sho imene simungawamvemo.

Chimene chinandiumitsa thupi n'chakuti pansi pa mawu awo pankamveka mkazi akuseka. Sanali wa mufilimumo. Anali mkazi wamoyo, wokhala pafupi ndi maiki. Kuseka kwake kunkayamba ndi kamluzu kapamphuno, kenako n'kugubuduka ngati ndowa yopanda madzi pamtsetse.

"Mayi a Tiwale, mawu anu asinthatu masiku ano," anatero ometa aja, makina ali pamutu pa mwana. "Chimfine?"

"Chimfine," ndinayankha.

Anafunsa choncho chifukwa aliyense ku Biwi amadziwa kuti mkazi woseka m'filimu za a Greyson ndi ine, Rozina. Zinayamba mwangozi. Titangokwatirana tinkakhala chipinda chimodzi ku Mtsiliza, kompyuta ili pambali pa bedi. Maiki inkatola chilichonse: tambala, mvula pamalata, ndi ine ndikuseka uku ndikusankha nyemba. Iwo ankafuna kumafufuta, koma anyamata obena mafilimu anawauza kuti anthu akumafunsa "ya mayi woseka ija". Kuyambira pamenepo sankajambula popanda ine. Salemba chilichonse amuna anga. Amaonera filimu kamodzi ali chete, kenako n'kuyatsa maiki n'kumalankhula zobwera m'mutu. Ndikaseka, ankapitirira. Ndikapanda kuseka, ankabwerera m'mbuyo n'kuyesa nthabwala ina. Sikelo yawo ndinali ine.

Kenako anapeza kachipinda ka lendi ku Kawale kamene amakatchula kuti situdiyo, ineyo n'kupeza benchi yogulitsirapo kaunjika mumsika wa m'tauni. Ndinayamba kupitako Lamlungu lokha tikaweruka kutchalitchi, nthawi zina osapitako. Ndipo ndisaname, kuseka ndinali nditachepetsa. Nthabwala za mwamuna amene mwakhalitsana zili ngati msewu wa kwanu, umadziwiratu pali chidzenje usanafikepo.

Madzulo a tsiku la ku babashopu lija ndinawapeza ali pakhonde akupukuta nsapato.

"Amaseka uja ndi ndani?"

"Kuti?"

"Musandifunse kuti. M'filimu ya apolisi amapasa ija."

"Aa, uja? Ndi Mabel, wa saluni yoyandikana ndi situdiyo. Khoma lake paja ndi la bolodi, mawu amadutsa."

"Khoma la bolodi limapumira pamaiki?"

Anaika nsapato pansi. "Iwe Rozina, ndi ntchito imeneyi. Anthu anazolowera woseka. Iweyo umakhala kumsika. Ndiziseka ndekha?"

"Mumam'patsa chiyani?"

"Palibe. Amangobwera akakhala alibe kasitomala."

Akanati amamulipira, mwina ndikanagona. Koma mkazi woseka ulere nthabwala za mwamuna wa mwini, ameneyo ndiye woopsa. Ndipo chinkandipweteka kwambiri n'chakuti mlandu wake unalibe kokautula. Ndikanapeza ndolo m'thumba la buluku ndikanadziwa chochita, mkazi aliyense amadziwa. Koma ndikapite kwa ankhoswe kukanena kuti chiyani? Kuti amuna anga akusekedwa ndi mkazi wina? Akanandiseka nawonso.

Filimu ija ndinaibenetsa mufoni yanga. Kumsika ndinkaika chomvera m'khutu limodzi, khutu linalo n'kumamvera makasitomala. Sindinkatsatira apolisi amapasawo. Ndinkadikira kamluzu kaja. Ndinafika podziwa pamene akuwerama ndi kuseka, pamene akupukuta misozi, pamene wamenya ntchafu. Ya ndani, sindinkadziwa. M'mutu mwanga ndinamuumba ndekha: wamtali, woyera, wa kanzeru pakati pa mano, zikhadabo zopaka utoto.

Maness, mnzanga wa benchi yoyandikana nayo, anandichotsa chomveracho tsiku lina.

"Asisi, mwabweza anthu awiri ofuna masiketi. Mukumvera maliro?"

Nditamuuza, sanaseke. "Pitani mukamuone," anatero. "Mfiti yosaiona imakula usiku uliwonse. Benchi ndikuonerani."

Ndinapita mawa lake masana, osawauza. Situdiyoyo ili kuseri kwa mzere wa mashopu, pakati pa saluni ndi okonza mafoni. M'kati makoma onse anakhomamo matileyi a mazira kuti mawu asamalire, pawindo pali bulangete. Muli mipando iwiri basi, wawo ndi wanga wapulasitiki, wa mwendo womanga ndi waya.

Pampando wangawo panali kamayi kakafupi, konenepa, ka magalasi okhuthala. Pamiyendo kanali kataika mutu wa chidole n'kumaluka wigi. Zikhadabo zinali zodula, mapazi otuwa. Ndinakwiya kuposa mmene ndinabwerera. Akanakhala wokongola, bwenzi ndikudziwa chimene amuna anga akutsata.

A Greyson anadzuka msangamsanga mpaka chomvera m'makutu chinawakoka khosi.

"Mayi a Tiwale! Kwagwanji? Mwana ali bwino?"

"Ali kusukulu. Ndabwera kuntchito."

Kamayi kaja kanaika chidole pansi, n'kupinda maondo, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja. Chichewa chake chinali cha kumpoto.

"Ndinu mayi a Tiwale? Ayi ine lero ndaona mwayi. Ndinayamba kukumverani ndili ku Mzimba, asisi. Filimu ikakhala mulibe inu, tinkabweza. Khalani apa, mpando ndi wanu uwu."

"Ndikuudziwa."

Anakoka kireti ya zakumwa n'kukhalapo, osaonetsa kuti wamva kalikonse.

Filimu imene ankajambula tsiku limenelo inali ya dziko lina lozizira, kumene amuna amavala zipewa zaubweya. A Greyson anandifotokozera mwachidule, akuyang'ana kompyuta. Mwamuna wina wowonda, wamantha, woimba lipenga, amutuma kuperekeza apongozi ake aakazi kutsidya kwa mapiri panjinga yamoto yokhala ndi kabokosi kokhalamo munthu m'mbali. Gogoyo wanyamula tsekwe. Tsekweyo anameza kiyi wa mosungira chuma cha tchalitchi, ndipo akuba atatu akumufuna. Mkamwiniyo a Greyson anamutcha Flywell, apongoziwo a Nambewe, mapiriwo ndi a ku Dedza, tsekwe ndi Bwana Collins.

Mafilimu otere ndimawadziwa, ndipo ndi amene ndimawakonda. Ya karate umadziwa kuti m'bale wake wa mwini filimu afa, iye akaphunzira kuphiri, abwera kudzabwezera. Ukhoza kupita kukatunga madzi n'kubwerera osaphonya kanthu. Koma yotereyi sudziwa kumene ikulowera. Kukoma kwake n'kwakuti mulibe ndi mmodzi yemwe amene akudziwa kuti akuseketsa. Onse nkhope zili gwa, akuchita zopusa ndi mtima wonse. Akuba aja, asanathyole nyumba, ankavula nsapato n'kuzindandalika pakhomo mwaulemu. Akamanga munthu, ankamuikira pilo. Umaseka, koma posakhalitsa umadzipeza ukuda nkhawa zenizeni kuti tsekwe angaphedwe. Imeneyo ndiyo filimu yabwino: yokupusitsa mpaka uyambe kupempherera tsekwe.

Anayatsa maiki.

"Apongozi ndi mkamwini njinga imodzi!" anayamba a Greyson ndi mawu awo aja a pantchito. "Mwambo wathera pa Bunda Tenofu, abale anga. Flywell akuyendetsa atatembenukira kumbali kuopa kuonana maso ndi apongozi. Ngozi siichedwa apa."

Kamluzu kaja kanalira pambali panga, ndowa n'kugubuduka. Kumva mufoni kunali bwino. Pafupi chonchi kunkagwedeza kireti.

Ndinaganiza kuti ngati nkhani ndi kuseka, ine ndinayamba kale. Nthabwala yotsatira ndinaseka mokweza kumuposa. Inayo ndinaombanso m'manja. Yachitatu ndinayamba kuseka iwo asanamalize n'komwe kulankhula.

A Greyson anaimitsa filimu. Anavula chomvera m'makutu pang'onopang'ono.

"Mayi a Tiwale, musakakamize. Maiki imadziwa."

Anatero pamaso pa mkazi wa saluni. Mabel anaweramira wigi yake ngati wataya singano. Iwo anabwerera m'mbuyo n'kufufuta ponse pamene ndinaseka, ine ndikuona timizere ta mawu anga tikuzimiririka pakompyuta.

Ndinapinda manja n'kukhala chete. Munthu ukakhala chete umaona zambiri.

Choyamba chimene ndinaona n'chakuti Mabel sankawayang'ana amuna anga ngakhale pang'ono. Maso ake anali pa filimu basi, pakamwa pali yasa, zala zikuluka zokha. Nthawi zambiri ankayamba kuseka iwo asanalankhule. Ankaseka mayendedwe a tsekwe, ankaseka masokosi obooka a akuba. A Greyson akanatha kumawerenga mitengo ya feteleza, iye akanasekabe.

Chachiwiri ndicho chinandilasa. Akamaliza nthabwala iliyonse, amuna anga ankatembenuza khosi kumuyang'ana, nsidze zili m'mwamba, ngati mwana woonetsa mayi ake chithunzi chimene wajambula. Nkhope imeneyo ndinkaidziwa. Inali yanga kuyambira ku Mtsiliza. Khosi lawo linkadutsa pa ine ngati ndine mzati, n'kukaima pa kireti. Ndinabwera kudzalimbana ndi wakuba, koma palibe chimene mayiyu anaba. Katundu ankadzipereka yekha.

Chachitatu chinali cha ntchito. A Nambewe ankawalakwitsa. Anawapatsa timawu tapamwamba, tolongolola, ngati nkhuku yoikira. Koma gogo wa mufilimuyo sankalongolola. Ankakhala m'kabokosi kake ataongoka, tsekwe ali pamiyendo, n'kumalankhula osatsegula pakamwa kwenikweni. Anali mkazi woti anaona kale kupusa konse kwa amuna ndipo sikumudabwitsanso.

Filimu inafika pamtsinje. Flywell anaphonya mlatho, njinga n'kulowa m'madzi mpaka m'chiuno. Kutsidya kunali mtsikana akuchapa. Flywell, m'malo mokankha njinga, anaimirira pachishalo n'kuyamba kumuimbira lipenga, mtsikanayo n'kumaomba m'manja. Gogo uja anamuyang'ana mkamwini wake, madzi akumufika pachifuwa, n'kunena mawu ochepa m'chilankhulo chawo.

A Greyson anakoka mpweya kuti ayambe timawu tawo tija. Ine ndinawatsogolera. Sindinkalankhulira maiki, zinangotuluka.

"Taonani mwamuna. Njinga ili m'madzi, banja lili m'madzi, iye ali kalikiliki kuimbira wochapa poti wamuombera m'manja."

Mabel anaphulika. Kireti inapendekeka, iye n'kukhala pansi, chidole n'kugubuduzika mpaka kukhomo. Anavula magalasi, misozi ili mbwembwembwe.

"Mayo ine! Asisi, mwandipha! Ndi momwemo, ndi momwemo akunenera gogoyu!"

A Greyson anaimitsa filimu. "Sizikugwirizana ndi zimene akulankhula."

"Kodi achimwene, chilankhulo chimenechi mumachimva?" anafunsa Mabel akudzuka. Anafunsa moona mtima, n'chifukwa chake zinawawa.

"Nkhani si kumva. Pali kayendedwe kake ka milomo."

"Tabwezani timve," anatero Mabel.

Anabweza monyinyirika. Mawu anga anatuluka m'sipika, otsika, ouma, ndipo anathera pomwe gogo uja anatsekera pakamwa. Mabel anayambiranso. Amuna anga anayang'ana kompyuta nthawi yaitali. Pa ntchito yawo sanama, chabwino amachidziwa. Anakankhira maiki pakati pa iwo ndi ine.

"Muzingoyankha pa a Nambewe pokha. Mwachidule."

Sindinafunike kuganiza. Zonse zimene ndinasunga kuchokera mu babashopu muja zinali zitafola pakhosi. Flywell atagwada kupepesa apongozi atawatulutsa m'madzi, a Greyson anati, "Pepani amayi, ndi satana." Ine ndinati, "Satana musiyeni, ali ndi ntchito zikuluzikulu. Izi ndi zanu zobadwa nazo." Akuba atawagwira n'kufunsa mwaulemu kuti ayambe kumanga ndani, ndinati, "Yambani bamboyu, koma mumange khosi. Limatembenukatembenuka." Flywell atanamizira kuti lipenga ankaimbira tsekwe kuti asaope, ndinati, "Tsekwe wa siketi ndamuona lero."

Mabel ankaseka mpaka kupempha madzi. Sankadziwa kuti akuseka mlandu wake womwe. A Greyson ankadziwa. Makutu awo ankamva mawu aliwonse kumene akulunjika, koma maiki inali yoyaka, ndipo Flywell amayenera kuyankha mwaulemu poti akulankhula ndi apongozi. "Zoona amayi. Ndamva amayi." Chikwatirane sanandiyankhepo choncho.

Ndiyeno ndinazindikira kuti ndayamba kudikira kamluzu kaja. Ndikaponya mawu, khutu linkapita kukireti lokha. Kuseka kukabwera, m'mimba munkatentha bwino ngati ndamwa tiyi wa mkaka. Zaka zonsezi ndinkapereka chinthu chimenechi osadziwa kukoma kwake kwa wolandira.

Amuna anga anayamba kulimbikira. Anakweza mawu, anatulutsa nthabwala zawo zakale zimene sizinkalephera, za apolisi apamsewu ndi za alandilodi. Mabel ankaseka ndithu, koma mwachidule, ngati munthu wopereka moni akuthamangira basi, n'kudikira kuti gogo ayankha chiyani. Khosi lawo linasiya kupita kukireti. Anayamba kundiyang'ana ine, cham'mbali, mmene amayang'anirana ogulitsa tomato oyandikana.

Tili pafupi kumaliza, pamene tsekwe anayenera kutulutsa kiyi pamaso pa abusa ndi mpingo wonse, iwo anatembenuka.

"Mabel, kodi kusaluniko kulibe anthu lero?"

"Aliko mmodzi, ndamuika mankhwala m'tsitsi. Adikire, ndione kaye Bwana Collins."

Mawu omaliza m'filimuyo anali a gogo. Atatuluka Mabel kuthamangira kasitomala wake, m'chipindamo munangotsala kulira kwa kompyuta.

"Wandinyoza pamaso pa anthu," anatero amuna anga.

"Ndi a Nambewe. Ine ndinangobwera kudzaseka, munandiletsa."

Filimuyo inatuluka Loweruka. Sabata yotsatira ndinaimva ikulira m'foni ya kondakitala wa minibasi ya ku Area 23, ndipo mayi wina kumbuyo anabwereza mokweza za khosi lotembenukatembenuka, akugunda mwamuna wake ndi chigongono. Anyamata obena anayamba kuwaimbira a Greyson kufunsa ngati kukubwera ina ya a Nambewe. Iwo ankayankha mafoniwo ali panja.

Lachisanu madzulo anandiuza okha, akuyang'ana kumbali.

"Mabel ndamuuza kuti asamabwerenso. Amasokoneza. Amaseka pamalo posayenera."

Ndicho chimene ndinapitira ku Kawale. Ndinayenera kukondwa. Koma ndinawayang'ana bwinobwino ndipo ndinaona kuti sanamuchotse chifukwa cha ine. Anamuchotsa chifukwa anaseka za wina. Akanapitiriza kuseka zawo zokha, bwenzi mpaka lero khoma la bolodi likupumira pamaiki.

"Lamlungu ubwere," anapitiriza. "Pali ina ya Amwenye oba sitima. Koma uzingoseka ngati kale. Maiki ndi yanga."

"Muli nkhalamba yaikazi?"

"Muli azakhali ena ake. Ndiwapanga ndekha."

Lamlungu tikuchokera kutchalitchi ndinapita, ndisanavule n'komwe chilundu cha chigwirizano cha amayi. Khoma la mbali ya saluni anali atakhomapo matileyi ena pamwamba pa akale. Kireti inali panja. Ndinakhala pampando wanga, iwo n'kuyatsa maiki.

Anayamba bwino. Nthabwala yoyamba inali yoseketsa ndithu, ndipo ndinamwetulira. Anatembenuka kundiyang'ana, koma sinali nkhope ija ya nsidze m'mwamba. Ankandiyeza ngati ndikuwaweruza. Yachiwiri anayang'ana khoma. Azakhali aja atatulukira pa sitima, chikwama chili m'khwapa, iwo anawapatsa timawu ta nkhuku yoikira tija. M'chipindamo munali zii. Anabwerera m'mbuyo, anayesanso. Zii. Anayesa kachitatu, thukuta lili pamphuno.

"Ukuchitira dala," anatero.

"Munanena nokha kuti ndisamakakamize."

Anasiya dzanja pa kompyuta osabwezanso filimu. Ndinaona kuti tikhoza kukhala choncho mpaka dzuwa kulowa, ndipo tikatero sadzandiitananso. Adzapeza woseka wina, kwina, kumene sindingafikeko, ndipo ameneyo mwina adzakhala woyang'ana iwo osati filimu.

Ndinadzuka, n'kumenya khoma la matileyi lija ndi chikhatho mpaka tileyi imodzi inagwa.

"Mabel! Uli ndi munthu?"

"Ayi asisi!" mawu anabwera mofooka kuseri.

"Tabwera, tayamba."

"Rozina," anatero amuna anga.

"Inu mukufuna woseka, anthu akufuna azakhali. Sunthani maikiyo ifike pakati."

Sanaisunthe, koma nditaikoka sanandiletse. Mabel analowa atanyamula kireti, n'kuima pakhomo kuyang'ana a Greyson kaye, kenako ine.

"Achimwene anati ndimasokoneza."

"Asintha maganizo. Bweretsa kuno."

Ankafuna kuiika pamalo pake pakale, pakona poonekera bwino kuchokera pampando wa amuna anga. Ndinamulanda n'kuiika mbali yanga, kumbuyo kwa phewa langa pang'ono, pamene ine ndingamumve bwino. Iwo akafuna kumuona, ayambe apempha kuti ndisunthe.

"Bwezani pamene akutsika sitima," ndinatero. "Azakhaliwa ali ndi mawu."